Kumanzere kwa Anatochi

Dzina lakuti Anatochi sanabadwe nalo, ndipo musavutike kufunsa kuti ndi mfunda wa kuti. Anawapatsa ndi anthu a mu msewu wawo, a pakamwa posatseka aja. Loweruka lililonse ukadutsa pa geti, chitseko cha galaja chinkakhala chotsekula, boneti ya chigalimoto ili m'mwamba, mayiwo ataima kutsogolo kwake, atawerama, tochi ili m'manja. Amuna awo sunkawaona. Unkangoona mapazi awiri atatulukira kunsi kwa bampala, pafupi ndi mapazi a akazi awo. Ana a mu msewuwo anakula akudziwa nsapato za bamboyo kuposa nkhope yawo.

Masiku enawo mayiwa ankasita nsalu za pabedi ku kampani yochapa zovala za m'mahotela, ntchito ya chiimire, nthunzi ili kumaso. Inawasiyira zipsera pa mikono ndiponso dzanja losanjenjemera. Bambo anali dalaivala wa kampani yoyeza misewu. Atapuma ntchito, anzawo akugula mipando yofewa, iwo anabwera ndi galimoto yomwe ankayendetsa ija, yokalamba kale, yaitali moti mayi pokwera ankachita kudzikoka ndi manja awiri. Ankaitcha Apongozi. Ati chifukwa imadya kwambiri, sithokoza, ndipo ukafuna kulankhula nayo umayamba wagwada.

Nthabwala imeneyo isungeni bwino, chifukwa zina simuzipeza. Bamboyo mawu ankachita ngati amagula. Zoti “ndimakukondani,” aaa, kapena anauzako galimotoyo mayi ali kukhitchini. Akafuna kuwala sankaitana n'komwe. Ankangogogoda sipanala pa paipi ya ekizozi, te, te, mayi n'kusiya chilichonse kukatenga tochi. Macheza awo a Loweruka anali akuti, “Kumanzere. Pansi pang'ono. Basi, pomwepo.” Ndipo kuwala kunkagwa pomwepodi. Anatochi ankanyada chamumtima kuti chikwatiwire sanawalitsepo polakwika.

Chaka chatha kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi, kachithunzi ka injini. Bambo anabwereka kakompyuta kwa mnzawo, anakalumikiza kunsi kwa chiwongolero, n'kupukusa mutu. Anati yafa ndi sensa. Mayi atafunsa kuti sensa n'chiyaninso, tsiku limenelo bambo anawononga mawu ndithu. Anati ndi mphuno ya galimoto, kachitsulo konga pulagi, ka mazinga omangira ngati a bawuti, kokhala ndi mchira wa waya, komangidwa pa paipi ya ekizozi. Kamanunkhiza utsi kuti kadziwe ngati injini ikupeza mpweya wokwanira, ndipo kakafa galimoto imangomwa mafuta mwaumbuli. Apongozi anali ndi mapaipi awiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, ndipo iliyonse inali ndi mphuno ziwiri, ya pamwamba pafupi ndi injini ndi ina ya m'munsi. Yomwe inafa sanaitchule, mayinso sanafunse. Afunsirenji, poti Loweruka likubwera adzawalitsa okha?

Loweruka limenelo linawapeza m'chipatala. Chifuwa chomwe bambo ankati ndi fumbi chabe chinawagwetsa, n'kuwagoneka pabedi ndi chophimba cha mpweya kumaso. Pa chala anawapanira kachipangizo koyeza mpweya wa m'magazi. Anakayang'ana kanthawi, n'kunena kuti, “Nanenso andimanga sensa.” Mayi sanaseke.

Tsiku lomaliza kulankhula, masana, anakodola akazi awo. Mayi anasendera pafupi, mtima ukugunda ngati wa mtsikana, poganiza kuti mawu aja anawadikira moyo wonse afika tsopano. Bambo anasuntha chophimbacho n'kunena modukizadukiza:

“Ndi ya kumanzere. Ya pamwamba. Girizi mupake pa mazinga pokha.”

Anabwezera chophimba chija n'kutsinzina. Sanalankhulenso mpaka anatisiya.

Pa maliro anthu anadabwa kuti mayiwa misozi njee. Ena ankati ndi olimba mtima, ena ankanong'onezana zawo. Palibe anadziwa kuti mumtima munali mkwiyo wokhawokha. Zoona munthu wamuberekera mwana, wamuchapira maovolosi a mafuta mpaka zala kusupuka, n'kutsanzikana nawe ndi nkhani ya girizi? Funso limodzi linkawadya moti chakudya sichinkatsika: kodi kwa munthu ameneyu iwo anali mkazi, kapena msomali wokolekapo tochi?

Abale atabalalika, nyumba inakula. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wokhala ku nyumba zosanja mbali ina ya tauni, anayamba kubwera ndi nkhani imodzimodzi. Galimotoyo igulitsidwe, amayi asamuke akakhale naye.

“Amayi, chigalimoto chimenechi mupita nacho kuti? Chikungodya malo.”

“Nyale ija ikazima.”

“Ndiye ndiitane makaniko mawa.”

“Bambo ako sanauze makaniko. Anauza ine.”

M'mawa uliwonse ankalowa m'galaja kukaliza injini kuti batire isafe. Munkanunkhabe mwini wake, fungo la mafuta akale ndi sopo wosambira m'manja. Ovolosi yawo inali pa msomali kuseri kwa chitseko, mawondo ake atatupa ngati muli munthu, ndipo chitseko chikatsekuka inkagwedezeka pang'ono. Pansi panali chikatoni chomwe bambo ankagonera, chitadinda msana wawo, pakuda pamene pankakhala mutu. Mayi ankachilambalala, osachiponda. Akatembenuza kiyi, nyale zonse zinkayaka n'kuzima, kutsala kachikasu kaja, kali tong'o, kuwayang'ana.

Choopsa chinkabwera akazimitsa injini. Ankatseka galaja, n'kubwerera kukhitchini, ndipo asanatsuke n'kapu yomwe ankamva kuseri kwa khoma, te, te. Ankadziwa bwinobwino kuti ndi paipi ikuzizira, nanga si anazimva zaka zonsezi. Koma thupi silimva zimenezo. Tsemwe linkawagwira, ndipo kangapo konse anangozindikira ali pakhomo pa galaja, tochi ili m'manja, osakumbuka kuti aitenga nthawi yanji.

Tsiku lina anavala nsapato zawo za kutchalitchi n'kupita ku shopu ya masipeya. Mwini wake, mkulu wa magalasi omangidwa ndi kachingwe, ankawadziwa malemu. Anapepesa maliro, ndipo atamva kuti mayi akufuna sensa, anapita kuseri kukatenga kabokosi.

“Ndikufuna ya kumanzere, ya pamwamba,” mayi anabwereza, kuopa kupatsidwa yolakwika.

“Za pamwambazo n'zofanana mbali zonse, mayi. Chachikulu musasokoneze pomanga. Kumanzere kwa galimoto timawerenga titakhala pa mpando, titayang'ana kutsogolo. Ambiri amalakwitsa pamenepo.”

Mayi anavomera. Zinali zomveka. Munthu amene moyo wake wonse unathera pa mpando wa dalaivala angawerenge kumanzere kuchokera kuti?

Loweruka m'mawa anakweza matayala a kutsogolo pa matabwa omwe bambo anakhomera ntchito imeneyi, anatchinga a kumbuyo ndi njerwa, n'kuliza injini pang'ono kuti paipi ifunde, monga ankaonera. Kenako panafika povuta: kugona pa chikatoni chija. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Atagona, msana wawo unalowa m'malo a msana wa amuna awo, mutu pa malo a mutu, mapazi kutulukira kunsi kwa bampala. Kunsi kwa Apongozi anali asanakuonepo. Zaka zonsezi ankaona zonse kuchokera pamwamba, ndiye kuno kunali dziko lina, la dzimbiri ndi matope ouma, chitsulo chili pafupi ndi mphuno. Pamwamba, pakati pa mapaipi ndi mawaya, pankaoneka kampata kotulukira ku denga. Anazindikira kuti pamenepo m'pamene bambo ankaonera nkhope yawo. Lero panalibe nkhope ya munthu.

Tochi anaitsamiritsa pa njerwa. Sensa ya kumanzere anaipeza, yakuda bii, itamera pa paipi. Anaipopera mafuta osungunula dzimbiri, anamasula waya wake pa kapulagi, n'kuiveka soketi, sipanala yozungulira yong'ambika m'mbali, yomwe bambo ankasunga m'chitini chakechake. Anakoka, osasuntha. Anakokanso, soketi n'kuterereka, zala n'kukamenya chitsulo mpaka magazi. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindingawabwereze, mayi a kutchalitchi ngati amenewa. Anaveka paipi yaitali pa chogwirira, anaponda tayala ndi phazi, n'kukoka ndi mikono ija inazolowera simbi. Inalira kuti gwe! n'kumasuka.

Yatsopanoyo anaipaka girizi pa mazinga pokha, osakhudza kunsonga konunkhizirako. Anayamba kuimanga ndi zala, kenako soketi, n'kulumikiza waya. Yakale ija sanaitaye. M'galaja umenewo simunatayidwepo kanthu, ndiye anaiika pa shelefu pamodzi ndi mabawuti opindika ndi malamba oduka. Anachotsa waya wa batire kanthawi kuti galimoto iiwale vuto lakale, n'kubwezera. Atatembenuza kiyi, nyale zonse zinazima, ndi kachikasu komwe.

Anasamba m'manja, n'kutulutsa galimoto kuti akaiyese. Kuyendetsa anawaphunzitsa ndi bambo, ndipo ankayendetsa ngati anyamula mazira. Anadutsa pa sukulu, pa sitolo ya mipando, n'kuwoloka mlatho. Mtima unayamba kukhala m'malo. Atafika pa maloboti a pafupi ndi chipatala, pamene pamaonekera mawindo a wodi ija, anatsitsa maso. Kanyale kaja kanali katayaka.

Maloboti anasintha, a kumbuyo anayamba kuimba mahutala, koma iwo maso anali pa kanyaleko basi.

“Nanga ndalakwanso chiyani, abambo?” anafunsa mokweza, ali okha m'galimoto.

Kuchokera tsiku limenelo mayiwa anasintha. Ankakhala pa mpando wa dalaivala m'galaja, injini ikulira, chitseko chili chotsekula, n'kumakangana ndi kanyaleko. “Si mwanena nokha kuti ya kumanzere? Girizi ndapaka. Mukufunanso chiyani kwa ine?” Kanyale kali chete, ndendende mwini wake. Anayamba kukhulupirira kuti limenelo ndiye yankho la funso lawo lija, kuti iwo ntchito yawo inali kugwira tochi basi, ndipo chinthu chimodzi chomwe anawasiyira kuti achite ndi manja awo chawakanika. Aneba ankamva mawu m'galajamo n'kumayang'anana. Wina anaimbira foni mwana wawo.

Namwino uja anafika Loweruka lotsatira nkhope ili gwaa. Anati wapeza wogula, wokonzeka kuitenga momwe iliri, nyale ikuyaka choncho.

“Mwayesetsa, amayi. Adadi sangakudandauleni. Taonani mmene mwawondera.”

“Ndiloleko ndione waya uja kamodzi kokha. Mwina sindinalumikize bwino. Tagwira tochiyi.”

Mwanayo anapumira m'mwamba, anavula wotchi yake, n'kuima kutsogolo kwa galimoto pamene amayi ake ankaima. Mayi analowa pansi, mapazi kutulukira kunsi kwa bampala. Pa kampata kaja tsopano panali nkhope, ndipo inafanana ndi yawo ali mtsikana moti anayang'ana kumbali.

“Walitsa kumanzere.”

Kuwala kunathamangira mbali inayo, kutali ndi dzanja lawo.

“Iwe, ndati kumanzere! Sukulu yonse ija sudziwa manzere ndi manja?”

“Kumanzere kwa ndani, amayi? Kwanga ndi uku. Kwanu ndi uko. Tayang'anizanatu.”

Mayi anatsatira kuwalako ndi maso. Kumanzere kwa ndani? Funso limeneli iwo anali asanalifunsepo. Loweruka ndi Loweruka, kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka imvi, bambo ankagona pomwe agona iwowa, kumanzere kwawo kuli kumanzere kwa galimoto. Mayi ankaima apo paima mwanayo, kumanzere kwawo kuli mbali inayo. Bambo ankati kumanzere, mayi n'kuwalitsa kumanzere kwawo kwenikweni, osaganiza n'komwe, ndipo kuwala kunkagwa pamalo. Sikunali kuchenjera kwa mayi ayi. Munthu wosalankhula uja, atagona pa dzimbiri, mafuta akumudonthera kumaso, nthawi iliyonse asanatsekule pakamwa ankayamba waima m'maganizo pamene paima mkazi wake, n'kuona monga akuonera iye, kenako n'kutchula mbali. Sanawaphunzitsepo lamulo la pa mpando lija. Sanawadzudzulepo. Ankangotembenuza yekha, mwakachetechete.

Ndipo pabedi paja, mpweya ukuwathera, sanalankhule ngati dalaivala. Ankawaona akazi awo ataima kutsogolo kwa boneti.

“Amayi? Muli bwinobwino pansipo?”

“Usasunthe tochiyo,” mayi anayankha. “Pomwe wawalitsapo ndi pomwepo.”

Pamene panagwa kuwalapo panali sensa ya pamwamba ya paipi inayo, mchira wake utapsa mbali imodzi, kunsonga kwa waya kutachita mwaye. Anatuma mwanayo kukatenga yakale ija pa shelefu, poti inali yabwinobwino, anangoichotsa yosalakwa. Namwino anabwera nayo ataipukuta ngati chida cha kuchipatala. Yopsa ija sinavute kwambiri kumasula, kaya chifukwa manja anali atazolowera, kaya chifukwa panali wowalitsa. Anapaka girizi pa mazinga pokha. Anamanga ndi zala, kenako soketi. Poitana mbali, anaona kuti lilime lawo likuchedwa, chifukwa mawu aliwonse ankayenera kuyamba awatembenuza kuti amukomere mwanayo. Kawiri konse analakwitsa. Si ntchito yamasewera, ndipo munthu uja sanalakwitsepo.

Anachotsa waya wa batire, n'kubwezera. Anakwera onse awiri, mayi pa chiwongolero, manja ali akuda, mwana pambali. Anadutsa pa sukulu, pa sitolo ya mipando, n'kuwoloka mlatho. Pa maloboti a ku chipatala anaima, ndipo onse awiri maso anali pa dashibodi. Pamene pankayaka kanyale paja panali pakuda.

Anapitirira. Anazungulira kuseri kwa chipatala, n'kudzadutsanso pa maloboti omwewo. Panali pakudabe. Analowera msewu waukulu, anaponda mafuta kuposa kale lonse, injini ikulira mosalala monga inkalirira mwini wake ali moyo. Mwanayo anaomba m'manja.

“Yazima, amayi! Yazimadi! Mwakwanitsa!”

Mayi anangopitiriza kuyendetsa. Maso awo ankangobwerera pa malo akuda aja. Miyezi yonseyi kanyaleko kanawazunza, kanawalanda tulo ndi chakudya, koma kanali kokhako kotsala m'nyumbamo komwe kankawayang'ana m'mawa uliwonse ngati kali ndi mawu. Tsopano mawuwo anali atawamva, ndipo wowanena analibenso choti adikirire. Anazindikira kuti akuyendetsa osati kuyesa sensa ayi, koma kudikira kuti kayakenso.

Atafika pa mphambano ya ku msewu wawo, mwanayo anaona kuti amayi ake sakuchepetsa liwiro.

“Kumanzere, amayi. Kunyumba ndi kumanzere.”

Anakhala moyang'ana kumodzi, ndiye panalibe chofunsa. Kumanzere kunali kumodzi, kwa iye, kwa iwo, kwa galimoto, kwa aliyense wodutsa mu msewuwo. Kumanzere kwawokwawo kuja, komwe munthu mmodzi yekha pa dziko lapansi ankakudziwa, kunali kutapita naye.

Anatochi anakhota, anaimika galimoto m'mbali mwa msewu pafupi ndi mpanda wa sukulu, n'kuzimitsa injini. Anatsamira pa chiwongolero ndi manja a girizi aja, ndipo misozi yomwe anthu anaisowa pa maliro inabwera yonse. Analira mokweza, akuitana kuti abambo, abambo inu, moti anthu odutsa ankasuzumira pa windo. Mwanayo anawagwira paphewa.

Pansi pa galimoto paipi inayamba kuzizira. Te, te.

Mayi anakweza mutu, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

“Ndamva,” anatero motsitsa. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. “Wogula uja umuuze kuti asavutike kubwera.”